Simu yanji kuno ku Joni? Yambani mwafunsa kuti nsanja ndi za ndani

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, mnyamata wina amene wangofika kumene kuchokera ku Ntcheu anandikokera pambali. "Achimwene, kuno Airtel ndi iti, nanga TNM ndi iti?" Funso lake ndinalimva bwino, chifukwa kwathu nkhani ya foni ndi ya awiri basi, 099 kapena 088. Kuno ukangotsika basi pa Park Station anyamata amakutambasulira masimu ofiira, achikasu, abuluu, ena a mabanki, ena a masitolo a zakudya, ndipo aliyense amalumbira kuti yakeyo ndiye yotchipa. Zimene ndinamuyankha mnyamatayo ndazilemba pano, poti pa basi iliyonse ya kwathu pamatsika wina wofunsa zomwezo.

Mayina ndi ambiri, koma eni nsanja ndi ochepa. Bungwe logawa ziphaso kuno ndi ICASA, limene linakhazikitsidwa mu 2000 ndipo maofesi ake aakulu ali ku Centurion. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya MACRA ya kwathu. Pansi pa lamulo la 2005, pali chiphaso chomangira ndi kuyendetsa netiweki, pali china chogulitsira anthu mayunitsi ndi data, ndiye palinso chilolezo cha mafunde a mumlengalenga amene mawu athu amayendamo. Mafundewa ali ngati madimba a m'mbali mwa mtsinje: ndi ochepa, sachulukitsika, ndipo amene wapatsidwa pachinyontho amakolola kuposa anzake. Kampani ina ili ndi dimba lakelake, ina imalima la eni pobwereka. Kusiyana kwa masimu onsewa kwagona pamenepo.

Vodacom ndi MTN ndiwo akuluakulu. Analandira ziphaso mu 1993 n'kuyamba ntchito mu 1994, ndiye akhala akudzala nsanja kwa zaka zoposa 30. Mu March 2022 ICASA inagulitsa mafunde atsopano pa okushoni, wokweza mtengo ndiye wotenga, monga zimakhalira ndi fodya ku Kanengo, ndipo boma linapeza ndalama zoposa R14 biliyoni. Pa ndalamazi Vodacom ndi MTN analipira zoposa R5 biliyoni aliyense, Telkom pafupifupi R2.1 biliyoni, Rain R1.4 biliyoni, pomwe Cell C inangotchula R288 miliyoni. Manambala amenewa amaoneka ngati nkhani ya mabwana, koma amafika mpaka m'kachipinda kanu ka kuseri kwa nyumba. Mafunde apansi, a 700 ndi 800 MHz, amapita patali ndipo amalowa m'makoma. Apamwamba, a 2.6 ndi 3.5 GHz, amanyamula data yambiri koma safika patali. Amene ali ndi mitundu yonse iwiri, komanso mabatire okwanira pa nsanja magetsi akathima, ndi amene foni yanu imagwirabe muli pansi pa nyumba yosanja ku Hillbrow kapena pa famu kupitirira Krugersdorp.

Vuto la Vodacom ndi MTN ndi mtengo, ndipo sanautsitse mwa kufuna kwawo. Anthu anafuula pansi pa mbendera ya #DataMustFall mu 2016, bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linafufuza n'kutulutsa lipoti mu December 2019 lonena kuti osauka, ogula timabandulo ting'onoting'ono, ndi amene amalipira kwambiri pa megabaiti iliyonse. Zitatero 1GB ya mwezi inatsika kuchoka pa R149 kufika pa R99 mu 2020. Mpaka lero, wogula ka R10 tsiku lililonse amathera zambiri kuposa wogula kamodzi pa mwezi, ndipo ambiri a ife a maganyu tili m'gulu loyambalo. Komabe ngati nambala yanu ndi imene abwana amakuimbirani ntchito ikapezeka, ine ndinganene kuti ikhale pa imodzi mwa ziwirizi. Ganyu imodzi yotayika chifukwa foni sinalire imaposa zonse zimene munapulumutsa mwezi wonse.

Nanga pakati pa awiriwa? Apa musamvere otsatsa malonda, ngakhale ine ndemwe. Bwerekani foni ya mnzanu wa Vodacom ndi ya wina wa MTN, mukhale pabedi panu madzulo cha m'ma 8, nthawi imene aliyense ali pa intaneti, muimbe WhatsApp kumudzi. Imene mayi akumva popanda kudukaduka ndiyo yanu. Ku Diepsloot kapena ku Cosmo City msewu umodzi umatha kusiyana ndi unzake. Muyang'anenso pa *135# ya Vodacom ndi *136# ya MTN, chifukwa mabandulo amene amakonzera nambala yanuyo amatsika kuposa olembedwa pakhoma la sitolo.

Telkom ndi yakale pa mafoni a m'nyumba, ndipo boma lili ndi gawo lalikulu m'menemo, koma pa mafoni a m'manja inalowa mochedwa, mu 2010, ndi dzina loti 8ta. Nsanja zake zadzaza m'mizinda, ndipo kumene zilibe imakwera pa za Vodacom ndi MTN mwa pangano. Data yake ndi yambiri pa ndalama yochepa, n'chifukwa chake ana asukulu ndi okonda mavidiyo amaikonda. Chenjezo ndi limodzi: mabandulo ena aakulu otchipa aja amagwira pa nsanja za Telkom zokha. Foni ikalumphira pa nsanja zobwereka, data imaoneka kuti ilipo koma siyenda. Kwa wokhala ku Turffontein n'kumagwira ntchito m'tauni, palibe chodandaula. Kwa woyenda ndi kontilakita kumanga nyumba kunja kwa Gauteng, Telkom ikhale simu yachiwiri.

Cell C ndiyo imasokoneza ambiri. Inayamba mu 2001 ngati yachitatu, inamanga nsanja zake, ngongole zinaichulukira, ndipo pofika pakati pa 2023 inazimitsa nsanja zonse. Chiphaso ikadali nacho, koma makasitomala ake amayenda pa nsanja za MTN ndi za Vodacom. Choncho munthu akakuuzani kuti "kwathu MTN sigwira, ndasamukira ku Cell C", dziwani kuti wasintha mtundu wa khadi koma nsanja ikhoza kukhala yomweyo.

Pamwamba pa Cell C ndi MTN pakwera gulu lina, la makampani opanda nsanja ngakhale imodzi, amene amagula mphindi ndi data pa holoselo n'kumagulitsa ndi dzina lawo, monga wa okala amene amapikula ku Limbe. FNB Connect inayamba mu 2015, Capitec Connect mu September 2022, ndipo Shoprite, Pick n Pay ndi Mr Price nawonso anatulutsa masimu awo. Kuchuluka kwawo sikunangochitika: ICASA inaika m'mfundo za okushoni ija kuti opambana atsegulire makampani otere khomo. Capitec Connect inabwera ndi chinthu chimene tinkachilakalaka, data yosaola, pa R45 pa 1GB nthawi imeneyo, bola simu ikugwiritsidwa ntchito. Kwa mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, amene masana amagwiritsa ntchito wifi ya mabwana ndipo data amangoifuna m'tekisi ndi Lamulungu, palibe chimene chingapose chimenechi. Koma simu ya banki imafuna akaunti ya bankiyo, ndipo tonse tikudziwa kuti kwa mlendo amene mapepala ake sanalongosoke khomo limenelo ndi lolimba.

Dziwaninso kuti wobwereka munda amatha kuchoka nthawi iliyonse. Virgin Mobile, imene inali yoyamba ya mtunduwu mu 2006, inatseka mu 2021. Chotiteteza n'chakuti kuyambira November 2006 lamulo limalola kusamuka ndi nambala yako kupita ku kampani ina. N'chifukwa chake masiku ano 082 sikutanthauzanso kuti munthu ali pa Vodacom, kapena 083 kuti ali pa MTN. Kampani ikalengeza kuti ikutseka, samutsani nambala tsiku lisanakwane.

Za Rain sinditalikitsa. Inatchuka ndi karauta ka 5G ka m'nyumba kuyambira 2019, data yopanda malire yolipira pa mwezi ndi khadi la ku banki. Ngati muli mabanja angapo pa yadi imodzi ndipo mumakhulupirirana pa nkhani ya kusonkha, imathandiza, koma yambani mwaona ngati mafunde ake amafika pamalopo.

Pali malamulo amene amamanga makampani onsewa mofanana, ndipo ambiri a ife sitiwagwiritsa ntchito. Kuyambira March 2019, kampani iyenera kukuchenjezani data ikafika pa 50, 80 ndi 100 peresenti, iyenera kupereka njira yosungira data yotsala kuti isaole ndi yotumizira mnzanu wa netiweki yomweyo, ndipo bandulo ikatha siyenera kuyamba kudya mayunitsi anu musanavomere. Mukaona mayunitsi akusungunuka, kadandauleni ku kampaniyo, mutenge nambala ya dandaulo, muisunge. Pakatha masiku 14 ogwira ntchito osathandizidwa, nkhaniyo mukhoza kupita nayo ku ICASA. Lamuloli silisankha mtundu, limateteza mwini nambala, kaya ndi wa ku Soweto kaya wa ku Mangochi.

Mawu oti mwini nambala ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa kusankha kwenikweni kumene mlendo amakumana nako si kwa yofiira ya Vodacom kapena yachikasu ya MTN ayi, koma kwa simu ya m'sitolo ndi simu ya pamsewu. Lamulo la RICA linayamba kulemba masimu pa 1 July 2009, ndipo pofika pa 30 June 2011 osalembetsa anadulidwa. Kwathu zomwezi zinafika mu 2018, pamene MACRA inalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, anthu n'kufola pa mizere ndi ziphaso zaunzika. Kuno chofunika ndi pasipoti kapena chikalata cha othawa kwawo, ndi umboni wa kumene mukukhala. Umboniwu ndi umene umatithawitsa, chifukwa wolipira lendi pamanja kwa mwini yadi alibe pepala lililonse. Ndiye timagula ija ya pamsewu, yolembetsa kale, yongolowetsa n'kuimba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikunena zimene zinandionekera. Zaka zanga zoyamba kuno ndinkayendera simu yotere. Nambala imeneyo ndi imene ndinapatsa makasitomala onse amene ndinkawapentera nyumba, ndi imene ndinalembetsera potumiza ndalama kumudzi, ndi imene mayi anga anailemba ndi makala kuseri kwa chitseko. Tsiku lina foni inasowa pa renki ya matekisi. Ndinapita kusitolo ya kampaniyo ndi pasipoti kuti andibwezere nambala pa khadi lina. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta n'kundifunsa dzina, ndipo dzina limene linali pamenepo silinali langa, linali la munthu amene sindinamuonepo. Sanalakwe kundikaniza, lamulo ndi lomwelo. Ntchito ya zaka zitatu inathera pa kauntala paja, ndipo kwa milungu iwiri kumudzi ankaimba nambala yosayankhidwa, akuganiza zoipa zimene aliyense amene ali ndi mwana ku Joni amaziganiza. Palinso choopsa china: nambala yolembedwa m'dzina la wina, winayo akhoza kuitenga, ndipo mauthenga achinsinsi a ku banki kapena a ku Mukuru amapita kwa iye.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti lamulo linaganizira anthu opanda adiresi ya pepala. Wokhala m'malo otere akhoza kubweretsa kalata yochokera ku tchalitchi, kusukulu kapena kusitolo kumene amalandirira makalata. Masitolo ena amavomeranso chikalata cholumbira chosindikizidwa ku polisi. Ngati muli ndi nambala ya pamsewu imene mwaizolowera, pitani nayo foni ikadali m'manja mwanu mukafunse zoilembetsa m'dzina lanu. Zikakanika, tengani yatsopano lero, muuze anthu pang'onopang'ono.

Pomaliza pake mnyamata uja anafunsa ngati simu ya kuno idzagwire akamapita kwawo pa Khirisimasi. Chiphaso cha ICASA chimathera pa Limpopo. Mukawoloka pa Beitbridge muli m'manja mwa POTRAZ ya Zimbabwe, pa Tete ndi INCM ya Mozambique, pa Mwanza kapena pa Dedza ndi MACRA. Ngakhale Vodacom imene mumaiona ku Tete ndi ya chiphaso china, mitengo inanso. Vodacom ndi MTN alibe chiphaso ku Malawi, Airtel ndi TNM alibe kuno, ndiye simu ikagwira kutsidya imakhala mlendo wolipira mtengo wa alendo. Zimitsani data musanawoloke, koma khadilo musalitaye m'chikwama miyezi yambiri osaligwiritsa ntchito, chifukwa nambala yogona amaipereka kwa wina. Malire omwewa ndi amene achititsa kuti Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu July 2023 ndi chiphaso cha MACRA, ikhale yosaloledwa kuno, kumene lamulo limafuna kuti 30 peresenti ya kampani yofuna chiphaso chachikulu ikhale ya anthu amene anaponderezedwa kale. Wokuuzani kuti mugule kambale kake ku Lilongwe mudzamangirire padenga ku Mayfair akukuikani m'mavuto.

Lolemba m'mawa tinakumana ndi mnyamatayo pa Main Street, pasipoti m'thumba ndi kalata ya abusa m'manja. Tinali titayesa kale mafoni awiri m'chipinda chake usiku wa Lamulungu, ndipo anasankha imene agogo ake ku Ntcheu anamva bwino. Mayi wa m'sitolo analemba dzina lake chilembo ndi chilembo, uthenga wotsimikiza unalowa tisanafike pakhomo, ndipo ya data yotchipa tinagwirizana kuti adzawonjezera akalandira malipiro oyamba.