Obwereketsa makayaki ndi matabwa opalasira ku Chembe

Kumapeto kwa mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, kuli anyamata obwereketsa makayaki (timabwato ting'onoting'ono topalasa ndi nkhafi) ndi matabwa opalasa utaimirira. Ine ndinafikako mu Julayi, nyengo ya mwera. Mnyamata wotithandiza sanabise: "Achimwene, tinyamuke m'mamawa mphepo isanadzuke, masana nyanja imawinduka." Anandiveka jekete loyandamitsa, n'kumanga yekha malamba, kenako anapalasa pambali panga mpaka pachilumba cha Thumbi. Pamiyala paja mbuna zabuluu ndi zachikasu zimafika m'manja mwenimweni. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti derali likhale paki mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuliika pamndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Koma zida zawo n'zakutha. Nkhafi yanga inali yomanga ndi mphira, ndipo majekete a ana analibe, zomwe sizoyenera konse pamadzi akuya chonchi.

Chinandikhudza n'chakuti amalemekeza asodzi. Tinazungulira patali kupewa maukonde, ndipo pobwerera anatola majumbo pafupi ndi matandala a usipa. Anandichenjezanso za likodzo m'madzi osaya a m'mabango. Pitani, koma yang'anitsitsani jekete musanalipire.