Green Russian Big Muff: pedal ya gitala kwa ofuna kulira ngati The Black Keys

Oimba a kuno ku Mzuzu akamvera zimbale zoyambirira za The Black Keys amadabwa kuti anthu awiri okha, wa gitala ndi wa ng'oma, akudzaza bwanji nyimbo popanda besi. Dan Auerbach (wa gitala) ndi Patrick Carney (wa ng'oma) anayamba gululi mu 2001 ku Akron, Ohio, ndipo chimbale chawo cha mu 2003, Thickfreakness, anachijambulira m'chipinda cha pansi pa nyumba ya Carney pa makina a tepi a Tascam 388. Kulemera kwa gitala kumene mumamva mmenemo ndi fuzz, kulira kokhakhala kokhala ngati sipika yang'ambika, ndipo imodzi mwa ma pedal (timabokosi toponda ndi phazi tosintha kaliridwe ka gitala) amene Auerbach amadziwika nawo ndi Big Muff yobiriwira imene inkapangidwa ku Russia m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Electro-Harmonix ya ku New York inaitulutsanso mu 2017 m'kabokosi kakang'ono kachitsulo, ndi dzina loti Green Russian Big Muff.

Ili ndi mabatani atatu opotokola: Volume, Tone ndi Sustain (loonjezera fuzz ndi kutalikitsa kulira kwa notsi). Ambiri amathamangira kufikitsa Sustain kumapeto, gitala n'kumangoti phwaa, manotsi osamveka. Yambani ndi Sustain pamene muvi wa wotchi umaloza 10 koloko, Tone pa 1 koloko, kenako kwezani Volume mpaka ipose pang'ono mmene gitala imamvekera pedal ili yozimitsa. Amplifaya ikhale yoyera, yopanda distortion (kukhakhala kwa mawu) yake. Ikatero, nsambo ziwiri zam'mwamba zazikuluzo zimabangula ngati besi, makamaka mukamazimenya ndi chala chachikulu kwinaku zala zina zikutola nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono. Makodi a nsambo zonse 6 amasanduka phala. Gwirani nsambo ziwiri kapena zitatu basi.

Chofunika kudziwa musanataye ndalama ndi ichi: Big Muff imakweza mawu a pansi ndi a pamwamba koma imadula a pakati. M'gulu la anthu awiri zimenezi ndi zokoma chifukwa palibe wolimbana naye. Koma magulu athu ambiri, a kutchalitchi ngakhale a pa maukwati, ali ndi kiyibodi, besi ndi oimba anayi kapena asanu. Mmenemo mukaiponda, gitala imasowa, ngakhale mukweze bwanji, chifukwa besi yatenga kale pansi ndipo mbale za ng'oma zatenga pamwamba. Ngakhale The Black Keys enieniwo, atatchuka ndi Brothers mu 2010 ndi El Camino mu 2011, anayamba kuyenda ndi wa besi ndi wa kiyibodi, ndipo gitala ya m'zimbale zimenezo ndi yowonda poyerekeza ndi yakale ija.

Musailumikize molunjika ku mikisa monga timachitira ndi kiyibodi. Popanda sipika ya amplifaya ya gitala, imene imadula mawu akuthwa, imalira ngati mavu m'chitini.

Za moto: imafuna 9V, batire kapena adaputala ya centre negative (imene negative yake ili pakati pa pulagi). Ma adaputala ambiri a wailesi ndi ma router amene amapezeka pa msika ndi centre positive, ena ndi a 12V, ndipo angaiwononge. Onani kachizindikiro pa adaputala musanalowetse. Batire imakhalitsa chifukwa pedal iyi sidya moto wambiri, komanso imachepetsa kung'ung'uza mukamaimba pa jenereta magetsi atathima. Mukamaliza zulani chingwe cha ku input, apo ayi batire imatha ili m'chikwama. Chinyezi cha kuno nthawi ya mvula chimachititsa dzimbiri m'mabowo a zingwe, choncho musaisiye pa simenti usiku.

Gitala za single coil (za mapikapu, totola mawu a nsambo, a koyilo imodzi) zimachita phokoso nayo mukasiya kuimba, makamaka pafupi ndi magetsi a machubu. Tsitsani volume ya pa gitala pakati pa nyimbo.

Kwa awiri kapena atatu oimba blues ndi rock m'chipinda ku Chibavi kapena ku Luwinga, ndi yogula ndithu. Woimba lidi m'gulu lodzaza ayambe wagula overdrive, pedal yokhakhalitsa mawu mofatsa kuposa fuzz.