Njinga yamagetsi ya abambo patatha miyezi 11, ulendo wa pa Rhine, ndi bilu ya £385

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi kuno ku Leeds, mayi wina wa m'chigwirizano anandikokera pambali. "Mayi mnzanga, njinga ija munagulira abambo ikuyendabe bwino? Ndikufuna kupita ndi amayi anga pa sitima ya pa mtsinje wa Danube chaka chino, nanga miyendo yawo si mukuidziwa." Ndinangowauza kuti tiyankhulana, chifukwa m'chikwama mwanga munali kalata ya ogulitsa yoti ndilipire £385 kuti njingayo, yomwe ndi wilutcheya yamagetsi, aikonze. Ndikanayankha pomwepo, ukanalankhula ndi mkwiyo. Pano mtima wakhalako pansi, ndiye ndilembe zonse mmene zayendera.

Abambo akunyumba anadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo ndipo mbali yakumanzere inafooka. M'nyumba amayenda ndi ndodo, masitepe angapo amakwera atagwirira chitsulo, koma kuchoka pakhomo kukafika pokwerera basi sangathe. Iwowa anakulira ku Nkhotakota, ndipo ali mnyamata ankakwera Ilala, ija yoima patali ndi gombe anthu n'kumapita pa kaboti, ena n'kumavuula m'madzi katundu ali pamutu. Chidwalireni ankangonena kuti akufuna adzakwerenso sitima. N'chifukwa chake mu Marichi chaka chatha tinagula wilutcheya yamagetsi yopinda kwa ogulitsa a pa intaneti, pa £1,650 atachotsa VAT popeza ndi ya munthu waulumali. Mu Julayi tinanyamuka ulendo wa masiku 8 pa mtsinje wa Rhine, kuchoka ku Amsterdam kukathera ku Basel.

Zimene zimagwira bwino sindichedwa nazo. Imapindika mosavuta. Imalemera makilogalamu 26, ndipo ndimaikweza ndekha m'buti ngakhale msana umamva. Kachiwongolero tinakaika kumanja, dzanja lomwe lili ndi mphamvu, ndipo abambo anazolowera tsiku limodzi. Batire lake ndi la mphamvu ya 240 Wh, pamene a ndege amalola mpaka 300 Wh, choncho ku Manchester anangoti tilichotse tilowe nalo m'ndege. Likadzadza limatha tsiku lonse. Khushoni yobwera nayo ndi yopyapyala, tinagula ina.

Za sitima zimenezi, mayi mnzanga, mudziwiretu izi. M'litali zimafika mamita 135 koma m'lifupi ndi mamita 11 ndi pang'ono, kuti zizikwana m'zipata zamadzi, ndiye chilichonse m'katimo n'chopanikizika. Pakhomo la chipinda chathu njinga sinkalowa yotambasula, abambo ankayamba atsika ine n'kuipinda. Lifiti inalipo koma sinkafika ku zipinda zapansi zotchipa, komanso sinkafika padenga. Padengapo zinthu zonse, ngakhale kanyumba ka woyendetsa sitima, amazitsitsa podutsa kunsi kwa milatho yaifupi, ndiye lifiti ilibe poima. Koma padenga pomwepo ndi pamene aliyense amafuna kukhala tsiku lodutsa pakati pa Koblenz ndi Rüdesheim, mtunda wa makilomita 65 wokhala ndi malinga akale pamwamba pa mapiri uku ndi uku.

Tsiku limenelo abambo anakana kukhala pansi. Anyamata awiri ogwira ntchito m'sitima anawagwira m'khwapa, ine kumbuyo, sitepe imodzi n'kupuma, ina n'kupuma, mpaka tinafika. Njinga inabwera pambuyo atainyamula. Titafika pa Kaub, pomwe pali linga la Pfalzgrafenstein lomangidwa pakachilumba pakati pa mtsinje, anandigwira mkono. "Amayi, taonani, ngati sitima yamiyala." Kenako anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana madzi, chipewa chili pamaondo. Ndinali ndisanawaone nkhope yotero chidwalireni. Mukanandifunsa ola limenelo, ndikanati gulani njingayi ngakhale atakweza mtengo kawiri.

Madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene vuto linayamba. Tinaima ku Rüdesheim n'kupita kukaona Drosselgasse, kanjira kopapatiza koyala miyala kodzaza ndi malo odyera. Pa miyala ija njinga inkagwedezeka mpaka mano a abambo kuombana, koma inkayenda. Pobwerera tinapeza sitima yathu ili yachiwiri, itakocheza m'mbali mwa inzake, chifukwa madoko ndi ochepa ndipo sitima zimagona zitagundizana ziwiri kapena zitatu. Kuti ufike kwanu uyenera kudutsa m'kati mwa ya eni. Madzi analinso otsika, ndiye kamlatho kochoka kumtunda kanali kotsetsereka kwambiri, kokhala ndi timizere tachitsulo topingasa kuti anthu asaterereke. Abambo anayamba kutsika pang'onopang'ono, ine nditagwira zogwirira kumbuyo. Tili pakati penipeni, njinga inalira kawiri, magetsi onse pa kachiwongolero n'kuthima, n'kuima nji.

Njinga zamagetsi zikathima, mabuleki amadzimanga okha. Kuti uikankhe uyenera kutembenuza tizitsulo tiwiri pa mamota a kumbuyo, koma ukatero buleki palibenso. Pamalo otsetsereka chonchija, ndi munthu wa makilogalamu 84 pamwamba, sindikanayerekeza. Kunsi kwa kamlathoko ndinkaona madzi akuthamanga pakati pa khoma ndi sitima. Kumbuyo kwathu anthu anali atandandana mpaka kumsewu, ena atatopa, ena atamwako vinyo, onse akudikira ife. Abambo ankangokankha kachiwongolero uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. "Amayi, musandisiye." Ndinati sindikusiyani, koma manja anga ankanjenjemera. Panatenga amuna anayi, awiri a sitima yathu ndi awiri a sitima inayo, kuwanyamula pamodzi ndi njinga mpaka m'kati. Usiku umenewo abambo sanadye, ndipo mawa lake ku Speyer anakana kutsika.

Amene anapeza chovuta ndi mnyamata wina wa ku injini. Anatembenuza njinga n'kundionetsa pomwe batire limalumikizana ndi thupi la njinga. Batirelo limalowa m'kanjanji n'kukodwa ndi kambedza kapulasitiki, ndipo kambedzako kanali ndi mpata. Njinga ikagwedezeka, batire limasuntha pang'ono ngati kukula kwa chikhadabo, mano amkuwa n'kulekana. Analimanga ndi timalamba tiwiri tapulasitiki n'kundipatsa ena khumi a m'thumba. Ndi timalamba timeneti tinamaliza ulendo. Ku Strasbourg sitima inaima tsidya la Germany, ku Kehl, ndipo m'malo mwa basi ya kampani yokhala ndi masitepe ataliatali tinakwera tramu, sitima yapamtunda yoyenda m'tauni, yowoloka mlatho, yomwe pansi pake n'pofanana ndi pokwerera. Abambo analowa okha osagwiridwa ndi munthu, ndipo mtima wawo unabwerera.

Titafika kunyumba kumayambiriro kwa Ogasiti ndinaimbira ogulitsa. Mtsikana amene anayankha anali waulemu. Anati batire ndizilikankha mpaka limveke kuti lakodwa, vuto likapitirira ndiimbenso. Ndinakhulupirira, ndipo sindinalembe imelo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo zimandiwawa chifukwa kuntchito kwathu kosamalira okalamba timaphunzitsidwa kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike. Miyezi yotsatira njinga inkathima mwa apo ndi apo, pokwera m'mphepete mwa msewu, pakhomo la chipatala, kamodzi pakati pa msewu powoloka magalimoto atatiimira. Timalamba ndinkasintha sabata iliyonse potchaja. Mu Febuluwale inathimiratu. Mano amkuwa aja anali atada, pulasitiki yozungulira itasungunuka pang'ono, kukumveka fungo la waya wopsa.

Ogulitsa alibe malo okonzera omwe munthu ungapiteko. Njinga inapita pa galimoto yonyamula katundu, ndipo patatha masabata awiri kunabwera kalata ija. Anati waranti ya zamagetsi ndi miyezi 6 yokha, kuti timalamba tija ndi umboni woti tinaisintha tokha, komanso kuti mwina inalowa madzi popeza ndinawauza kuti inakwera sitima. Mawu amenewa ndi amene anandipweteka kuposa ndalama. Patsamba lawo njingayi amaitsatsa ndi chithunzi cha agogo ali padoko pafupi ndi sitima, ndipo ine ndisanagule ndinawafunsa mwachindunji ngati ingathe ulendo wa pamtsinje. Madzi sanaikhudzepo ngakhale dontho.

A Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, ndi amene anandimasulira lamulo la Consumer Rights Act la 2015. Katundu akaonetsa vuto m'miyezi 6 yoyamba, lamulo limatenga kuti vutolo linalipo pogula, ndipo ndi wogulitsa amene ayenera kutsimikiza kuti sizinali choncho. Miyezi 6 ikadutsa, mtolo umenewu umagwera wogula. Anandifunsanso ngati ndinalipira ndi kirediti khadi, chifukwa pa katundu wapakati pa £100 ndi £30,000 banki nayo imakhala ndi udindo. Ine ndinalipira ndi khadi ya akaunti yanga ya malipiro, ndiye njira imeneyo inatsekeka. Chinandipulumutsa ndi mwana wathu wamkazi. Anapeza pa WhatsApp ya banja chithunzi chomwe ndinatumiza usiku wa ku Rüdesheim, batire lili ndi timalamba take, tsiku likuoneka bwinobwino, ndipo pa bilu ya foni panali nambala ya ogulitsa ndi mphindi 9 zomwe ndinalankhula nawo mu Ogasiti. Nditatumiza zimenezi, mawu awo anafewa. Avomera kupereka batire latsopano ndi cholumikizira chake ulere, koma ntchito ndi mayendedwe, £140, akuti ndi zanga. Ndavomera chifukwa ndatopa, ndipo abambo akhala m'nyumba masabata asanu.

Ndiye yankho langa kwa inu, mayi mnzanga, lili pawiri. Ngati amayi anu amatha kuima n'kuponda masitepe angapo atagwiridwa, ulendo wa pamtsinje ndi wotheka. Tengani chipinda chomwe lifiti imafika, funsani kampani polemba ngati amalola njinga yamagetsi chifukwa ena amangolola yokankha yopinda, ndipo mudziwe kuti ku Danube nakonso sitima zimagona zitagundizana ndipo madzi amatsika m'chilimwe. Ngati satha kuima n'komwe, ine sindingawatengere kumeneko. Kunena za njingayo, ya mtundu umenewu ndingagulenso, koma kwa ogulitsa awa ayi. Shopu ya kufupi ndi kwathu inali ndi yofanana nayo pa £1,900, yokhala ndi makaniko wobwera kunyumba, ndipo ndinaisiya pofuna kupulumutsa £250. Pano ndikawerengera £140 iyi, khushoni ya £45 ndi mataxi a masabata asanu opita kuchipatala, ndalama ija inatha kalekale.

Akuti njinga ibwera Lachinayi. Ndawalembera imelo kuti anditsimikizire ngati kambedza kaja akasintha kapena angoika kena kofanana nako, ndipo mpaka lero sanayankhe.