Kuyeza surra m'ngamila: maikulosikopu, CATT kapena PCR?

Malipoti a matenda a ngamila ochokera kumpoto kwa Kenya, Ethiopia ndi Sudan nthawi zina amatsutsana, lina n'kumati zodwala n'zochepa pomwe lina likuti n'zambiri m'dera lomwelo, ndipo kawirikawiri chimasiyanitsa ndi njira imene magazi anayezedwera. Kachilombo kovuta kwambiri ndi Trypanosoma evansi, koyambitsa matenda a surra, kamene dokotala wa ziweto Griffith Evans anakapeza m'magazi a mahatchi ndi ngamila ku Dera Ismail Khan, komwe tsopano ndi ku Pakistan, mu 1880. N'kachibale ka kachilombo ka kaodzera, koma iko sikadalira kashembe, popeza ntchentche zina zoluma zimangokanyamula kukamwa pochoka pa ngamila ina kupita pa inzake.

Maikulosikopu ndiyo njira yakale komanso yotchipa, ndipo ukaona kachilombo kakupiringizika pakati pa maselo ofiira, palibenso chokayikitsa. Tsoka lake, ngamila imene yadwala miyezi yambiri, linunda litaphwa, imakhala ndi tizilombo tochepa m'magazi, tomwe timachuluka lero n'kuzimiririka mawa, choncho zodwala zambiri zimaoneka ngati zabwinobwino. Kuzunguza magazi m'timachubu topyapyala, monga anafotokozera katswiri wina wotchedwa Woo mu 1970, kumasonkhanitsa tizilomboto pamalo amodzi ndipo kumaonetsanso kuchepa kwa magazi, koma pamafunika kuyeza pasanathe maola ochepa, tizilomboto tisanafe.

CATT, njira yoyezera magazi pakhadi yopangidwa ku Institute of Tropical Medicine ku Antwerp, m'dziko la Belgium, siifuna kachilombo kenikeniko koma chitetezo chimene thupi lapanga. Madzi a m'magazi amasakanizidwa ndi mankhwala abuluu pakhadi, khadilo lizunguzidwa mphindi 5, ndipo timibulu tabuluu tikaoneka ndiye kuti ngamilayo inakumanapo ndi matendawa. Kwa ofuna kudziwa mmene surra yafalikira m'gulu lonse, ine ndingasankhe imeneyi, chifukwa imatheka kutchire komweko. Komabe chiwerengero chake chimakwera, popeza ngamila yochira imaonekabe ngati yodwala kwa miyezi ingapo. Imaphonyanso mtundu B wa kachilomboka, umene unapezeka ku Kenya ndi Ethiopia, chifukwa mtunduwu ulibe puloteni ya RoTat 1.2 imene khadilo limadalira.

PCR, njira yochulukitsa DNA kuti ioneke, imapeza DNA ya kachilombo ngakhale kali kochepa, ndipo magazi angaumitsidwe papepala n'kutumizidwa kutali. Ndi yokwera mtengo, imafuna labotale, ndipo zotsatira zingafike abusa atasamuka kale ndi ziweto zawo.

Pofuna kubaya jekeseni ngamila imodzi yowonda, khadi lokha silikwanira. Ndi bwino kuzunguza magazi n'kuona kuchepa kwake, ngakhale kawiri pa masiku osiyana. Chenjezo lina n'lakuti mankhwala a diminazene, amene amathandiza ng'ombe, amatha kupha ngamila, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amakonda melarsomine, wodziwika ndi dzina loti Cymelarsan, wobayidwa mkati mwa mnofu pa mlingo wa 0.25 mg pa kilogalamu.