Tanya, Tengeru kapena Money Maker: tiwokere uti chisanu chikatha?

Chaka chilichonse Julaye akamatha, anzanga a kudimba kuno ku Lizulu sandipatsa mpata: tifese tomato uti, nanga tiwokere liti? Lero ndikuyankheni nonse pamodzi.

Za nthawi sindichulukitsa. Kumtunda kuno, kuyambira ku Tsangano mpaka ku Bembeke, Juni ndi Julaye amagwetsa chisanu m'madambo, ndipo mbande yowokera nthawi imeneyo imangopinimbira. Ine ndimafesa kumapeto kwa Julaye pa nazale yophimba ndi udzu, n'kuwokera pakatha milungu 4 kapena 5. Kuthyola kumayamba mu Novembala. Chiwawu, matenda owaula masamba, nthawi imeneyi chimachepa poti masamba sakhalitsa onyowa, koma kangaude wofiira amabwera ndi kutentha kwa Okutobala, komanso chitsime chikaphwa mwagwa nayo. Amene amawokera mu Novembala amakolola chakumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale, pamene tomato wasowa ndipo mtengo wakwera, koma botolo lopopera Dithane, mankhwala a chiwawu, silichoka kumsana. Koma Tuta absoluta, kambozi koboola masamba ndi zipatso za tomato, sikasankha mwezi.

Tsopano za mtundu wa mbewu: tomato wa Rodade ndi wabwino ngati munda wanu uli ndi matenda ofotetsa tomato, ndipo amapirira mvula. Mbewu za haibulidi zolembedwa F1 zimabereka kwambiri, sindikana, koma pakapepala salemba kuti njere zake simungafinye n'kusunga: chaka chamawa mubwereranso kusitolo.

Nkhani yeniyeni ndi kulimba kwa chipatso. Mukawokera kumapeto kwa Ogasiti, mudzakolola pamodzi ndi wina aliyense, dzuwa lili ng'aa, msika utadzaza. Venda wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre safunsa dzina la mbewu. Amapisa dzanja pansi pa dengu, n'kufinya kamodzi, n'kutchula mtengo. Akudziwa kuti katunduyo ayenda pa lole mumsewu wa M1, madengu atasanjikizana, kenako akakhala pabenchi masiku angapo. Tomato wofewa amamuona ngati msuzi kale.

Apa ndi pamene Money Maker ndimamusungira chakukhosi. Dzinalo n'lokoma, chipatso chake n'chozungulira bwino, ndipo pandiwo amakoma, zimenezo ndivomera. Koma khungu lake n'lopyapyala, mkati ndi madzi okhaokha, ndipo akamwa madzi ambiri pambuyo pa ludzu amang'aluka. Amakulanso osalekeza, ndiye mufunika timitengo titalititali, luzi, ndi kuphata mphukira sabata iliyonse. Timitengoto masiku ano n'togula, si todula ulere ayi.

Chimene chinandipweteka n'chakuti sindinamusankhe ndine. Bambo wina pa tsiku la msika anandigulitsa mbande zomanga m'mitolo, akulumbira kuti ndi Tengeru. Mbande zikadali zazing'ono n'zovuta kuzisiyanitsa. Ndinathira manyowa, feteleza, mankhwala, kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo chinyengocho chinaoneka zipatso zitayamba kupsa: tating'ono, tozungulira, tofewa. Mavenda ankadutsa madengu anga n'kukagula kwa mayi woyandikana nane amene anali ndi Tanya, ine n'kumataya katundu pa mtengo wa madzulo. Wogulitsa mbande uja pamsikapo sanaonekenso.

Tanya ndi Tengeru 97 onse anachokera ku Tanzania, anatulutsidwa mu 1997, ndipo popeza si haibulidi mungathe kusunga njere, bola musankhe zipatso za pamitengo yathanzi. Tanya ndi wamfupi, chipatso chake n'chotalikirako ngati dzira, cholimba, ndipo amapsa pafupifupi nthawi imodzi. Zimenezi n'zabwino kwa wofuna kudzaza madengu msanga, koma zimapweteka mukapezana ndi sabata imene mtengo wagwa. Tengeru amatalika, amafuna timitengo, koma zipatso zake n'zazikulu, amapirira tinyongolotsi totupitsa mizu, ndipo amathyoledwa nthawi yaitali, kotero ena amafika mu Disembala mtengo ukuyamba kudzuka.

Ine dimba langa ndimaligawa: mbali yaikulu Tengeru, kotsalako Tanya woti abweze msanga ndalama ya feteleza. Money Maker ndimamupatsa mzere umodzi kuseri kwa nyumba, wa ndiwo za ana. Ndipo mbande ndimafesa ndekha, kuchokera m'paketi yomata yomwe ndawerenga tsiku lake lotha ntchito.