Ndemanga ya Outlook yatsopano ya pa Windows: ikuonetsa bwino makalata a HTML, koma matebulo sitinawataye

Ntchito yanga ndi yokonza makalata a imelo amene mabungwe ang'onoang'ono amatumizira makasitomala ndi mamembala awo mwezi ndi mwezi, choncho ndemanga iyi ikukhudza mbali imodzi yokha ya Outlook yatsopano, pulogalamu ya imelo ya kampani ya Microsoft, yomwe ndi mmene imaonetsera kalata yokonzedwa ndi HTML, chilankhulo cha pa kompyuta chomangira masamba a pa intaneti. Za kalendala ndi kasungidwe ka mauthenga ndasiyira ena.

Mpaka pa Outlook 2003, pulogalamuyi inkadalira Internet Explorer poonetsa makalata oterewa, koma kuyambira pa Outlook 2007 kampani ya Microsoft inapereka ntchitoyi kwa Word, ndipo zinakhalabe choncho pa Outlook 2010, 2013, 2016 ndi 2019. Word anapangidwira kulemba zikalata zokasindikiza papepala, motero malamulo ambiri a CSS, chilankhulo chokonzera maonekedwe a tsamba, monga float, max-width ndi border-radius, sawadziwa, ndipo chithunzi chakumbuyo kwa mawu sichioneka pokhapokha wokonzayo atalemba chilankhulo chakale cha VML. Okonza makalata anadandaula mpaka kuyambitsa kampeni ya Fix Outlook pa Twitter mu 2009, koma Microsoft inakhalabe pa ganizo lake. N'chifukwa chake kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu takhala tikumanga kalata iliyonse ndi matebulo (timabokosi tondandalikidwa m'mizere), tebulo lina m'kati mwa linzake, m'lifupi mwake mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) pafupifupi 600, ngakhale kuti okonza masamba a pa intaneti anasiya kalekale njira imeneyi.

Outlook yatsopano, imene inatsegulidwa kwa mabungwe onse mu Ogasiti 2024, siyigwiritsa ntchito Word. Imayendera WebView2, kutanthauza kuti kalata ikuonetsedwa ndi injini ya Edge, pulogalamu ya Microsoft yotsegulira masamba a pa intaneti, mofanana kwambiri ndi mmene imaonekera pa Outlook.com, yomwe ndi Outlook ya pa intaneti. Nditatumiza kalata imodzi yoyesera n'kuitsegula mu Outlook yakale ndi yatsopano pa kompyuta imodzi, kusiyana kwake kunali koonekeratu. Batani lobiriwira lolembedwa kuti "Lembetsani pano" linatuluka ndi ngodya zozungulira bwinobwino mu yatsopanoyo, mpata wozungulira mawu ake unali ndendende monga ndinaulembera, ndipo chithunzi chakumbuyo kwa mutu wa kalata chinaoneka popanda mzere uliwonse wa VML. Chimene chinandisangalatsa koposa n'chakuti malangizo apadera amene timabisa m'kati mwa chizindikiro cha [if mso] polankhula ndi Word yekha, yatsopanoyi imangowadumpha, moti makalata amene ndinakonza kale sanafunike kuwaphwasula.

Pali zinthu ziwiri zimene wokonza makalata ayenera kuzidziwiratu. Choyamba, zilembo zokatenga pa intaneti kudzera mu lamulo la CSS la @font-face sizioneka, monganso pa Outlook.com, choncho ndi nzeru kulemba Arial kapena Georgia pamndandanda wa zilembo kuti pakhale pogwera. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, ndi mawonekedwe akuda amene anthu ambiri ayamba kuwakonda powerenga usiku. Pulogalamuyi imatembenuza yokha mitundu ina, kumbuyo koyera n'kukhala kwakuda, koma zithunzi siyizikhudza, motero chizindikiro cha bungwe cholembedwa ndi zilembo zakuda pa chithunzi cha PNG chopanda kumbuyo chimazimiririka mumdimamo. Njira yapafupi ndi kuzunguliza zilembozo ndi kamzere koyera kopyapyala, kamene sikaoneka pamalo oyera koma kamazipulumutsa pamalo akuda, ndipo ine ndinaona kuti zimenezi zikukwanira.

Komabe, amene akuganiza kuti nthawi ya matebulo yatha afatse kaye. Microsoft inalengeza kuti Outlook yakale ipitiriza kuthandizidwa mpaka 2029, mwinanso kupitirira apo, ndipo maofesi akuluakulu sathamangira kusintha mapulogalamu a antchito awo. Anthu ogwiritsa ntchito makompyuta a kunyumba ndiwo anasamuka msanga, popeza mapulogalamu a Mail ndi Calendar a pa Windows anasiya kuthandizidwa pa 31 Disembala 2024. Kalata imodzi tsopano iyenera kukhutiritsa Word, Edge komanso injini za mapulogalamu ena a imelo, WebKit ya Apple Mail ndi Gecko ya Thunderbird, nthawi imodzi, ndipo malangizo obwerezabwereza olembera chilichonse mwa izi amainenepetsa, pamene Gmail imadula kalata iliyonse yopitirira 102KB n'kubisa mapeto ake, komwe nthawi zambiri kumakhala ulalo wodzichotsera pamndandanda.

Pa mbali ya kuonetsa makalata, Outlook yatsopano ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo kwa munthu amene amangowerenga makalata ndinganene mosakayika kuti asamukireko. Kwa anzanga okonza makalata, ndikupempha kuti muiike pa kompyuta yanu popanda kuchotsa yakaleyo, chifukwa ziwirizi zimatha kukhalira limodzi, ndipo kalata iliyonse muziitsegula m'zonse ziwiri, pa mawonekedwe oyera ndi akuda omwe, musanaitumize kwa anthu.