Swichi ya waya kapena rimoti pa valavu ya ekizozi?

Pa BMW E46 330i, valavu ya kumapeto kwa ekizozi imatsekedwa ndi mphweya wokokedwa kuchokera ku injini, kudzera pa solenoid (kavalavu koyendera magetsi) yomwe ili m'buti. Solenoid ikasowa magetsi, sipuling'i imasiya valavu yotsekula ndipo galimoto imabangula. Nkhani yagona pa mmene mungaidulire magetsiwo.

Swichi ya waya ndi yotchipa, koma konzekerani kugwada. Mumadula waya umodzi mwa awiri a solenoid, n'kukoka mawaya awiri pansi pa kapeti kuchokera m'buti mpaka pafupi ndi giya. Polumikiza pawotchereni mtovu n'kuvekapo kachubu kofota ndi moto. Ine ndinangopotokola n'kukulunga tepi, patatha miyezi iwiri valavu inayamba kudzitsekukira yokha ndikagunda bampu. Mukaigwira bwino ntchitoyi, basi mwathana nayo, palibe batire loti lithe.

Rimoti imabwera ndi kabokosi ka relay (swichi yoyendera magetsi) ka 12V komwe kamakhala m'buti momwemo, ndiye kapeti simuikhudza. Yokhala ndi mapulagi ake imachotseka galimoto ikamagulitsidwa. Vuto lake, siikuuzani ngati valavu yatsekuka, mumangodalira khutu, ndipo makabokosi otchipa ena akamalandira magetsi nthawi zonse amadya batire galimoto ili chiimire. Fyuzi musaiwale.

Njira zonsezi zingasiye code (nambala yosonyeza vuto) mu kompyuta ya injini. Pa magalimoto atsopano okhala ndi valavu yoyendera kamota, swichi wamba siigwira, pamafunika kabokosi kake. Pa E46 ine ndimasankha waya.